NDALAMA ZA MAILOSI SIZITCHINJIRIZA MUNTHU PA TSIKU LA NGOZI

Wantchito amene ayendera galimoto yake pa ntchito ya ofesi, nalandira ndalama za mailosi pakutha pa mwezi, kawirikawiri aganiza kuti zonse zili m'malo mwake. Maulendo ake walemba m'buku, mkulu wa ofesi wasaina, wosunga ndalama walipira, ndipo kalata ya inshuwalansi ili m'kabati, yolipiridwa chaka chathunthu. Koma pali funso limodzi limene ambiri saliganizira kufikira tsiku limene galimoto yagunda munthu, ndipo funsolo ndi ili: kodi inshuwalansi imeneyo inadulidwa kuti itchinjirize ulendo wa ntchito, kapena maulendo a pakhomo okha?

Nkhani imeneyi imveka bwino koposa poyang'ana dziko la Britain, kumene malamulo ake ali olembedwa mwatsatanetsatane, ndiponso kumene Amalawi ambiri ali kugwira ntchito masiku ano. Anamwino ochokera ku Malawi ndi ku Zambia anayamba kupita kumeneko mwaunyinji m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Mu February 2022 Boma la Britain linatsegula khomo kwa anthu a maiko ena ofuna ntchito yosamala okalamba ndi odwala, ndipo ngakhale khomolo linatsekedwa kwa obwera atsopano mu July 2025, amene analowa kale akali komweko. Ambiri a iwo ntchito yao ndiyo kuyenda nyumba ndi nyumba pa galimoto zao. Kwa anthu otere, mau awiri okha pa kalata ya inshuwalansi, mau akuti "business use", ndiwo asiyanitsa woyendetsa wosunga lamulo ndi wopalamula mlandu.

CHIYAMBI CHA LAMULO

Kale ku Britain munthu anali ndi ufulu woyendetsa galimoto popanda inshuwalansi ya mtundu uli wonse. Akagunda munthu, wovulalayo kapena abale a womwalirayo anali kupita ku bwalo la milandu, ndipo ngakhale mlandu uwakomere, nthawi zambiri anali kubwerako chimanjamanja, pakuti woyendetsayo analibe chuma cholipira nacho. Mu 1930, chaka chimene anthu oposa 7,000 anafa pa miseu ya dzikolo, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Road Traffic Act, limene anabwera nalo Herbert Morrison, Nduna ya za Mtengatenga ya masiku amenewo. Lamulolo linakakamiza mwini galimoto ali yense kudula inshuwalansi yolipira anthu ena amene angavulazidwe ndi galimoto yake.

Komabe panatsala anthu ena ovulazidwa ndi oyendetsa amene ananyozera lamulo. Chifukwa chake mu 1946 makampani a inshuwalansi anakhazikitsa bungwe la Motor Insurers' Bureau, limene lilipira anthu ogundidwa ndi galimoto zopanda inshuwalansi. Ndalama za bungwe limeneli zichokera ku makampani onse, ndiko kunena kuti zichokera m'matumba a oyendetsa okhulupirika amene alipira inshuwalansi yao chaka ndi chaka.

Lamulo limene lili kugwira ntchito tsopano ku England, Scotland ndi Wales ndilo Road Traffic Act la 1988. Gawo 143 la lamulo limeneli linena kuti ndi mlandu kugwiritsa ntchito galimoto pa mseu pokhapokha pali inshuwalansi yokhudza kagwiritsidwe kameneko. Mau otsirizawa ndiwo mutu wa nkhani yonse. Lamulo silifunsa chabe ngati munthu ali ndi kalata ya inshuwalansi ayi. Lifunsa ngati kalatayo ivomereza ulendo umene iye ali kuyenda pa nthawi imeneyo.

MITUNDU YA MAULENDO

Kampani ya inshuwalansi ipangana ndi munthu pa zinthu zitatu: galimoto yakutiyakuti, yoyendetsedwa ndi munthu wakutiwakuti, pa maulendo akutiakuti. Mtengo wake uwerengedwa poyang'ana kukula kwa tsoka limene lingagwe. Munthu amene atulutsa galimoto yake Loweruka lokha kupita ku msika sali pa ngozi yofanana ndi munthu amene akhala pa mseu tsiku lonse, m'miseu imene saidziwa, ndi mtima wofulumira kuti asachedwe kwa wodwala wachisanu. Nchifukwa chake pa kalata ili yonse pali gawo lotchedwa "Limitations as to use", ndiwo malire a kagwiritsidwe ka galimoto.

Mtundu woyamba ndi wa maulendo a pakhomo ndi a chisangalalo, monga kukagula zinthu, kukapemphera, kukaona abale kapena kuperekeza ana ku sukulu. Mtundu wachiwiri uonjezerapo ulendo wopita ku ntchito m'mawa ndi kubwerako madzulo, koma ku malo amodzi okhazikika kumene munthu agwira ntchito masiku onse. Makampani ambiri aika m'gulu limeneli ngakhale ulendo wopita ku siteshoni kukasiya galimoto ndi kukwera sitima ya pamtunda yopita ku ntchito.

Mtundu wachitatu ndiwo wa "business use", ndipo makampani ambiri augawa patatu. Gawo loyamba lilola mwini inshuwalansi kuyenda pakati pa malo osiyanasiyana a ntchito, kupita ku misonkhano ndi kukaona anthu amene awatumikira. Gawo lachiwiri lilola chimodzimodzi kwa woyendetsa wina wotchulidwa dzina pa kalata. Gawo lachitatu ndi la anthu amene mseu ndiyo ofesi yao, monga oyendayenda ndi malonda a kampani. Kwa mphunzitsi, namwino kapena mlembi wa khonsolo, gawo loyamba ndilo likwanira nthawi zambiri.

Palinso mtundu wina wapadera umene suloledwa ndi ili yonse mwa itatuyi, ndiwo wonyamula anthu kapena katundu molipiritsa. Munthu amene masana asamala odwala, koma usiku ayendetsa zakudya za m'malesitilanti ku makomo a anthu kuti aonjezere ndalama zotumiza kumudzi, afunika inshuwalansi inanso. Tsono popeza makampani salemba mau ofanana, palibe njira yina yodziwira zoona koposa kuwerenga kalata ya munthu mwini.

ULENDO WA NTCHITO NDI UTI?

Anthu ambiri akamva mau akuti bizinesi aganiza za amalonda, nati, "Ine ndine mphunzitsi chabe, sindigulitsa kanthu." Apa ndi pamene ambiri aphunthwa. Kwa kampani ya inshuwalansi, ulendo wa ntchito ndi ulendo uli wonse umene munthu ayenda chifukwa ntchito yake yamtuma, kupatula wopita ku malo ake a masiku onse ndi kubwerako.

Mphunzitsi amene achoka kunyumba kupita ku sukulu yake ali pa ulendo wa mtundu wachiwiri. Koma tsiku limene mphunzitsi wamkulu amtuma ku maphunziro a tsiku limodzi ku mzinda wina, kapena ku sukulu yoyandikana nayo kukayang'anira mayeso, ulendo wake wasanduka wa mtundu wachitatu. Mlembi amene atuluka mu ofesi masana kukasiya ndalama za ofesi ku banki, ngakhale bankiyo ili pafupi pomwepo, ali pa ulendo wa ntchito. Mphunzitsi woganyula amene lero aphunzitsa pa sukulu iyi ndi mawa pa sukulu ina alibe malo amodzi okhazikika, kotero kuti makampani ambiri aona maulendo ake onse ngati a ntchito. Kunena za namwino wa m'midzi ndi wosamala okalamba m'nyumba zao, iwowa palibe nchokaika chomwe.

Kufupika kwa ulendo sikusintha kanthu, ndipo kuchepa kwa maulendo sikusintha kanthunso. Ulendo umodzi pa chaka ukwanira kumgwetsa munthu m'mavuto ngati ngozi yasankha tsiku limenelo. Tsoka silinunkha.

NDALAMA ZA MAILOSI NZA CHIYANI?

Ofesi ya msonkho ya Britain, yotchedwa HMRC, inaika malire a ndalama zimene wolemba ntchito angapatse wantchito wake pa mailo ili yonse popanda kudulapo msonkho. Mu April 2002 malirewo anali makobiri 40 pa mailo; paundi imodzi ili ndi makobiri 100. Mu April 2011 anakwezedwa kufika pa makobiri 45 pa mailosi 10,000 oyamba m'chaka cha msonkho, ndi makobiri 25 pa mailo ili yonse yoposa pamenepo, ndipo chiwerengero chimenechi chinakhala chosasinthika kwa zaka zoposa khumi. M'malamulo omwewo njinga yamoto inapatsidwa makobiri 24, njinga yakapalasa makobiri 20, ndipo wonyamula mnzake wa pa ntchito pa ulendo wa ntchito analoledwa kulandira makobiri 5 oonjezera. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, kotero kuti mailosi 10,000 ali ngati makilomita 16,000.

Wolemba ntchito sakakamizidwa kulipira chiwerengero chonsecho. Akalipira zochepa, wantchito angathe kupempha HMRC kuti imchotsere msonkho pa ndalama zotsalazo, polemba fomu yotchedwa P87, ndipo aloledwa kubwerera m'mbuyo zaka zinayi za msonkho. Chitsanzo chake ndi ichi, powerengera ndi chiwerengero cha 2011. Munthu woyenda mailosi 3,000 pa chaka, pa makobiri 45, ndalama zake zikwana £1,350. Ngati kampani yake imlipira makobiri 30 okha, alandira £900, ndipo patsala £450. HMRC simpatsa £450 yonseyo ayi. Imbwezera msonkho wa pa ndalama imeneyo, umene kwa wolipira msonkho wa 20 pa 100 ukwana £90. Ngati wolemba ntchito alipira zoposa malire, zapamwambazo ziwerengedwa ngati malipiro ndipo zidulidwa msonkho.

Pali mfundo ziwiri pano zimene wantchito ayenera kuzigwiritsa. Yoyamba ndi yakuti ndalama za mailosi si za petulo yekha. Zinawerengedwa kuti zilipire petulo, matayala, makaniko, msonkho wa pamseu, kutha mphamvu kwa galimoto, ndi inshuwalansi yomwe. Ndiye kuti wantchito amene alandira ndalama zimenezi wapatsidwa kale gawo lolipirira inshuwalansi yoyenera, ndipo sangathe kupemphanso padera. Amene adya zonse osakonza kalata yake wadya ndi mbeu yomwe.

Mfundo yachiwiri ndi yaikulu koposa. HMRC silola munthu kuwerengera ulendo wa masiku onse wochoka kunyumba kupita ku malo ake okhazikika a ntchito. Ilola maulendo okhawo amene ntchito yamtuma kwina. Tsono malire amenewa afanana kwambiri ndi malire a kampani ya inshuwalansi. Ulendo umene munthu angaulembere ndalama za mailosi, pafupifupi nthawi zonse ndi ulendo womwewo umene ufuna "business use". Kotero fomu imene wantchito alembapo tsiku, malo ndi chifukwa cha ulendo wake, nasainapo ndi dzanja lake, ndiyo umboni womtsutsa ngati kalata yake ya inshuwalansi inena za maulendo a pakhomo okha.

CHIMENE CHIMGWERA MUNTHU

Munthu wopezeka pa ulendo wa ntchito ndi kalata yosavomereza ulendowo aweruzidwa ngati wopanda inshuwalansi konse. Mu 2013 chindapusa cha pompopompo cha mlandu umenewu chinakwezedwa kuchoka pa £200 kufika pa £300, pamodzi ndi mapointi 6 olembedwa pa laisensi. Mlandu ukapita ku bwalo, woweruza angapereke mapointi 6 mpaka 8, chindapusa chokulirapo, kapena kumletsa munthuyo kuyendetsa galimoto. Kuyambira 2005 apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimoto pamseu pomwepo. Chizindikiro cha mlanduwo, chotchedwa IN10, chikhala pa mbiri ya laisensi zaka zinayi, ndipo makampani a inshuwalansi afunsa za milandu yotere ya zaka zisanu zapitazo, nakweza mtengo kwa amene ali nayo.

Kwa Mmalawi vuto likula kuposa pamenepa, ndipo chifukwa chake nchoyenera kuchilongosola. Munthu wokhala ku Britain aloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya ku Malawi miyezi 12 yokha. Laisensi za ku South Africa ndi ku Zimbabwe zitheka kusinthidwa ndi ya ku Britain popanda mayeso, koma za ku Malawi ndi ku Zambia sizili pa mndandanda umenewo. Chotero Mmalawi, ngakhale anayendetsa galimoto zaka makumi awiri pakati pa Blantyre ndi Mzuzu, ayenera kulemba mayeso a kumeneko, ndipo akakhoza awerengedwa ngati woyendetsa watsopano. Tsono lamulo la oyendetsa atsopano la 1995 linena kuti amene afikitsa mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba alandidwa laisensi, nayambanso ngati wophunzira, kulemba mayeso onse awiri kachiwiri. Woyendetsa wakale aletsedwa pofika mapointi 12 m'zaka zitatu. Watsopano agwa ndi mlandu umodzi wokhawu.

Wosamala odwala m'nyumba zao akataya laisensi, ntchito yake ili pa ngozi, pakuti sangafike kwa anthu asanu ndi atatu pa tsiku poyenda pansi. Ndipo kwa munthu amene chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chinamangidwa pa ntchito imeneyo, ntchito ikatha ofesi ya Home Office kawirikawiri impatsa masiku 60 okha kuti apeze wolemba ntchito wina wovomerezeka, apo ayi achoke. Kumudzi kuli ana a sukulu odikira fizi ndi nyumba imene yafika pa mawindo.

Zonsezi zichitika ngakhale popanda ngozi. Ngozi ikachitika, kampani ingakane kukonza galimoto ya mwiniyo, ngakhale inshuwalansi yake inali yotchinjiriza zonse, ndipo ngati galimotoyo inagulidwa pa ngongole, ngongole ipitirira pamene galimoto yasanduka zitsulo. Munthu wogundidwayo sasiyidwa chabe, pakuti kampaniyo kapena Motor Insurers' Bureau imlipira monga lamulo lifunira; koma wolipirayo ali ndi mphamvu yotembenukira kwa woyendetsa uja kuti abweze ndalamazo. Chipepeso cha munthu wopunduka moyo wake wonse ku Britain chingathe kufika mamiliyoni a mapaundi, ndalama imene wantchito wamba sangaipeze kufikira imfa yake.

Ena aganiza kuti angathe kunama pa tsiku la ngozi, nanena kuti anali kupita kukaona mnzao. Ili ndi dzenje lakuya kuposa loyamba. Yunifolomu imene avala, ndandanda ya ntchito ya tsikulo ndi fomu ya mailosi zonse zinena zoona. Ndiponso lamulo la 2012 lokhudza zimene wogula inshuwalansi auza kampani lisiyanitsa munthu wolakwitsa mosasamala ndi wonama dala. Kwa wolakwitsa, kampani iyang'ana chimene ikadachita ikadauzidwa zoona, ndipo mwina ilipirako gawo. Kwa wonama dala, kampani iloledwa kufafaniza pangano lonse ndi kusunga ndalama zimene iye analipira.

UDINDO WA OLEMBA NTCHITO

Mlandu suli pa wantchito yekha. Lamulo la 1974 la umoyo ndi chitetezo pa ntchito lipatsa wolemba ntchito udindo wosamala antchito ake ndi anthu ena amene ntchitoyo ingawakhudze, ndipo udindo umenewu suthera pa chipata cha ofesi. Bungwe la Health and Safety Executive, potsata ziwerengero za Unduna wa za Mtengatenga, linalemba kuti mwa ngozi zinayi zili zonse za pamseu, yoposa imodzi ingakhudze munthu amene ali kuyendetsa chifukwa cha ntchito. Lamulo la 1988 lija liletsanso kuchititsa kapena kulola munthu wina kuyendetsa galimoto yopanda inshuwalansi, ndipo lamulo la 2007 lilola kuti kampani yeniyeniyo izengedwe mlandu pamene kusasamala kwakukulu kwa akuluakulu ake kwaphetsa munthu.

Nchifukwa chake zipatala, makhonsolo, masukulu ndi makampani ambiri a kumeneko salipira kobiri la mailosi asanaone zinthu zitatu: laisensi ya wantchito, kalata yosonyeza kuti galimoto inapimidwa, imene ifunika chaka ndi chaka pa galimoto yoposa zaka zitatu, ndi kalata ya inshuwalansi yolembedwa kuti ilola maulendo a ntchito. Antchito ena aona ngati uku nkuvutitsa anthu ndi mapepala. Koma mkulu wa ofesi amene abweza fomu ya mailosi chifukwa kalata siili bwino wamchitira wantchito wake chifundo chachikulu kuposa amene angosaina osayang'ana.

Wantchito asaganizenso kuti inshuwalansi ya wolemba ntchito imtchinjiriza. Inshuwalansi ya galimoto za kampani ikhudza galimoto za kampani. Pokhapokha patalembedwa pangano lapadera, galimoto ya wantchito ili pamutu pa mwini wake.

KAKONZEDWE KAKE

Chodabwitsa ndi chakuti vuto lalikulu chotere likonzeka ndi ntchito yochepa. Munthu ayenera kuyamba watulutsa kalata yake ndi kuwerenga gawo la malire a kagwiritsidwe. Ngati mau olola maulendo a ntchito mulibe, aimbe lamya ku kampani kapena asinthe pa intaneti, ndipo sayenera kudikira kuti chaka chithe, pakuti kusintha kutheka pakati pa chaka. Kampani imfunsa dzina la ntchito yake, mailosi amene ayembekeza kuyenda pa ntchito m'chaka, ndiponso ngati anyamula anthu kapena zipangizo. Apa ayenera kunena zonse poyera. Wosamala odwala amene nthawi zina anyamula gogo wina kupita naye ku chipatala anene chomwecho, ndipo mphunzitsi amene anyamula ana a sukulu kupita ku masewera anenenso, kuti kampani ivomereze.

Mtengo woonjezera pa gawo loyamba kawirikawiri uli wochepa. Makampani ena saonjezera kanthu, ndipo ena alipiritsa kandalama kosinthira mapepala chabe. Munthu asayambe ulendo wa ntchito asanalandire kalata yatsopano, pakuti mau a pa lamya ndi ovuta kuwagwira pa tsiku la mlandu. Asungenso buku la maulendo lolembedwa bwino, limene lithandiza kwa wolemba ntchito ndi kwa HMRC yomwe. Akasintha ntchito, kapena akasintha kampani ya inshuwalansi pofuna mtengo wotsika, ayang'anenso gawo lomwelo, chifukwa ambiri ataya chitetezo chao pa nthawi imeneyi posankha mtengo wotsikitsitsa osaona chimene chachotsedwamo.

Ngati kampani yakana kulipira ndipo munthu aona kuti walakwiridwa, ayambe wadandaula ku kampaniyo, imene ili ndi masabata asanu ndi atatu oyankhira. Yankho likapanda kumkhutiritsa, angapite ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo otere kwaulere, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi.

PHUNZIRO KUNO KU MALAWI

Malamulo a msonkho a ku Britain sagwira ntchito ku Malawi, ndipo magawo atatu aja si onse alembedwa chimodzimodzi pa makalata a kuno. Koma maziko ake ndi amodzi. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 likakamiza mwini galimoto kudula inshuwalansi yolipira anthu ena, ndipo kalata ya kampani ili yonse ili ndi malire a kagwiritsidwe. Galimoto za MG sizikwanira ulendo uli wonse, kotero kuti wogwira ntchito m'Boma nthawi zina atenga galimoto yake kupita ku msonkhano ku Mponela kapena ku Liwonde, ofesi nimpatsa mafuta. Mphunzitsi wamkulu akwera njinga yamoto yake kupita ku TDC kapena ku ofesi ya maphunziro ya pa boma ndi mapepala a sukulu. Onsewa ali pa ulendo wa ntchito.

Makalata ena alola mwini galimoto kuyendera ntchito yake, ena salola, ndipo munthu sangadziwe mtundu wa kalata yake pongoyang'ana chikalata chomata pa galasi. Ayenera kuwerenga pangano lenilenilo, kapena kufunsa kampani kuti imyankhe molemba. Ayang'anenso malire a ndalama zimene kampani ilonjeza kulipira, pakuti chipepeso chimene bwalo lingagamule chikaposa malirewo, chotsalacho chifunidwa kwa mwini galimoto ndi woyendetsa.

Chinthu chimodzi chiyenera kunenedwa mosabisa. Wopita ku msonkhano amene aima pa siteji natola anthu olipira kuti mafuta abwerere, wasandutsa galimoto yake kukhala ya matola. Inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo siivomereza kunyamula anthu molipiritsa, ku Malawi ngakhale ku Britain. Lamulo la 2000 la chipepeso cha antchito nalonso silimpulumutsa, pakuti liyang'ana za wantchito wovulala pa ntchito. Silikonza galimoto yake, ndipo sililipira anthu amene iye wawavulaza. Amene ali ndi dandaulo pa kampani ya inshuwalansi angapite nalo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene ayang'anira makampani amenewa. Koma dandaulo liyenda bwino pamene munthu anasunga mbali yake ya pangano.

Akulu a maofesi nawonso ali ndi gawo lao. Amene aloleza wantchito kuyendera galimoto yake achita bwino kulemba chilolezocho pa pepala ulendo usanayambe, ndi kuona kalata ya inshuwalansi asanasaine za mafuta. Ndipo amene ali ndi mwana kapena mlongo wogwira ntchito yoyendayenda ku Leeds, Manchester kapena Glasgow, pa tsiku limene acheza naye pa lamya amfunse ngati kalata yake ilola maulendo a ntchito. Funso limeneli litenga mphindi imodzi, ndipo kukonza kwake kutenga mphindi khumi. Akale anati safunsa anadya phula.